Kodi dzino lamoyo lipalidwe chifukwa cha chithunzi?

Aliyense amene ali ndi foni mu Blantyre muno waonapo pa Facebook, TikTok kapena Instagram anthu akumwetulira ndi mano oyera mbee, ofanana msinkhu, opanda ndi kampata komwe. Ena mwa mano amenewo si obadwa nawo. Ndi ma veneer, tizikutiro topyapyala ta porcelain, dothi loyera lowotchedwa pamoto waukulu, tomwe dokotala amamata kutsogolo kwa mano apatsogolo kuti tibise mtundu wake, kubenthuka kwake kapena kupotoka kwake. Kale zimenezi tinkangozionera m'mafilimu. Lero zikukambidwa ndi akwati oyembekezera tsiku lawo, oimba, owulutsa mawu pakanema ndi anthu amabizinesi. Kumadera monga Namiwawa, Sunnyside, Nyambadwe ndi Mandala, komwe kumakhala anthu otha kulipira chipatala cha pulayiveti kapena kukwera ndege kupita ku Johannesburg, funso layamba kukhala lakuti "ndikaikitse kuti?" Ife tikuti funso limeneli lafulumira. Pali mafunso ena amene ayenera kuyamba, ndipo ena mwa iwo si a wogula yekha ayi, ndi a dziko lonse.

Loyamba ndi ili: kodi munthu wofuna ma veneer amauzidwa bwinobwino chimene akupereka, kupatula ndalama? Dzino lili ndi chikutiro cholimba chotchedwa enamelo, chinthu cholimba kuposa china chilichonse m'thupi la munthu. Pa mano apatsogolo chikutirochi n'chopyapyala kwambiri, pafupifupi milimita imodzi pakati pa dzino, ndipo chimacheperachepera kufupi ndi nkhama. Kuti veneer ikhale bwino osatukuza mlomo, nthawi zambiri dokotala amapala dzino ndi makina, n'kuchotsa enamelo wokwana pafupifupi theka la milimita. Tsitsi likametedwa limamera, chikhadabo chikawengedwa chimakula, fupa likathyoka limalumikizana, koma enamelo akachoka wachoka. Thupi silipanganso wina. Dzino lopalidwa liyenera kukhala lovekedwa mpaka mwini wake adzalowe m'manda. Kodi mawu amenewa amanenedwa momveka, m'chinenero chimene wodwala akumva, makina asanayambe kulira?

Mbiri ya luso limeneli ikutiphunzitsa kanthu. Dokotala wa mano wa ku California, Charles Pincus, ndiye adayamba kupanga tizikutiro totere cha m'ma 1928, ndipo ankapangira anthu ochita mafilimu ku Hollywood. Tizikutiroti tinali tovala kwa maola ochepa, kamera ikamajambula, kenako n'kuvula, chifukwa kunalibe guluu wotha kutigwiritsa kwa nthawi yaitali. Mu 1955 Michael Buonocore adasonyeza kuti enamelo akapakidwa asidi pang'ono amakhakhala, zomatira n'kugwira zolimba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, madokotala monga John Calamia ndi Harold Horn adapeza njira yokhakhalitsa porcelain yemwe, ndipo kuyambira pamenepo veneer idasanduka chinthu chokhalitsa m'kamwa. Luso ndi lenileni, ndipo likagwiritsidwa ntchito pamalo oyenera limathandiza. Koma tisaiwale kuti lidabadwira kamera. Kodi n'chanzeru kuti munthu wa mano abwinobwino, amene amatafuna nawo chimanga chokazinga ndi nzimbe popanda vuto, awapereke ku makina kuti akondweretse kamera ya foni?

Funso lachiwiri: kodi veneer imakhala zaka zingati, nanga ikatha mphamvu alipire ndani? Madokotala ambiri amanena kuti ya porcelain yoikidwa bwino imakhala zaka 10 mpaka 15, ina kupitirira. Imatha kusweka, kumatuka, kapena nkhama kubwerera m'mbuyo n'kusiya mzere woonekera pamene veneer yathera. Munthu wokukuta mano kutulo, woluma zikhadabo, kapena wotsegula botolo ndi mano amaiswa msanga. Tsono taganizirani mtsikana wa zaka 25 amene waikitsa ma veneer asanu ndi atatu pokonzekera ukwati. Akadzafika zaka 70 adzakhala atawasintha kawiri kapena katatu, ndipo pa kusintha kulikonse dzino limatha kutaya kachigawo kena. Mtengo amawerengera pa dzino limodzilimodzi. Ku America amatchula madola 900 mpaka 2,500 pa dzino limodzi. Kuno kwathu porcelain, guluu ndi zipangizo zonse n'zochokera kunja, zogulidwa ndi ndalama zakunja zomwe zikusowa. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndani angalonjeze mtsikanayu kuti mu 2040 adzakhala ndi ndalama zosinthira mano asanu ndi atatu nthawi imodzi? Mabungwe a inshulansi ya zaumoyo nthawi zambiri salipira chithandizo chongokongoletsa. Ndalama zikadzasowa, adzatsala ndi mano opalidwa, omva kuwawa akamwa madzi ozizira kapena tiyi wotentha, ndipo chithunzi cha paukwati sichidzamutonthoza.

Funso lachitatu: kodi chimene chikugulitsidwacho ndi veneer yeniyeni? Apa m'pamene anthu ambiri agwera m'mbuna. Veneer imaphimba kutsogolo kokha. Crown ndi chisoti chovekedwa dzino lonse, ndipo kuti chilowe dzino limasemedwa mbali zonse mpaka kutsala kachitsa. Kafukufuku wa Edelhoff ndi Sorensen wa mu 2002 adapeza kuti pokonza dzino lapatsogolo kuti lilandire veneer pamachoka magawo atatu mpaka 30 pa 100 alionse a dzinolo, pamene pokonzera crown pamachoka magawo 63 mpaka 72. Kusiyana kwake n'kwakukulu zedi. Mu 2022 wailesi ya BBC idaonetsa pulogalamu ya anthu a ku Britain amene adapita ku Turkey kukagula mano otchipa, ena akuganiza kuti akuikidwa ma veneer pamene ankavekedwa ma crown pa mano omwe analibe vuto. Ena adabwerako ndi ululu wosatha, mitsempha ya mano itafa, zotupa zitayamba. Mmalawi amene akuwerenga malonda a pa intaneti olonjeza mano atsopano pa sabata imodzi, hotela ndi galimoto yokutenga pabwalo la ndege zili momwemo, adzifunse: ndikabwerera pa Chileka, dzino likayamba kupweteka usiku, ndidzaimbira ndani? Dokotala wa kuno amene sadaone momwe ntchito idayambira adzaikonza bwanji, nanga pa mtengo wanji?

Funso lachinayi ndi lokhudza dzanja logwira makinawo. Ku America, bungwe la madokotala a mano la American Dental Association lidachenjeza anthu mu 2024 za anthu osaphunzira udokotala amene amachita kosi ya masiku ochepa n'kuyamba kumata ma veneer, makasitomala akuwapeza pa intaneti. Chimene chafala pa TikTok ku America sichichedwa kufika ku Limbe. Kuno lamulo lilipo: Medical Practitioners and Dentists Act ya mu 1987 idakhazikitsa Medical Council of Malawi, ndipo aliyense wogwira ntchito ya mano ayenera kukhala m'kaundula wa bungweli. Kodi ndi angati mwa ife amene adafunsapo kuona chiphaso asanakhale pampando n'kuyasamula? Kodi bungweli limayang'ana malonda a mano amene akuyenda pa WhatsApp ndi Facebook? Kodi Competition and Fair Trading Commission, yomwe ntchito yake ina ndi kuteteza ogula ku malonda onama, ikudziwa kuti zithunzi za "kale" ndi "lero" zimatha kubedwa pa intaneti kapena kukonzedwa pa kompyuta? Munthu wosaphunzira sadziwa kuyeza nkhama, sajambula dzino ndi X-ray, sazindikira dzino lomwe layamba kuola m'kati. Amangophimba. Akuluakulu adanena kale za chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Dzino lobowoka likaphimbidwa silileka kuola. Limaola mobisika mpaka mtsempha, ndipo pofika tsiku lomva ululu, mwina chotsala ndi kuzula basi.

Tisamveke ngati tikunyoza munthu wofuna kuoneka bwino. Kufuna kukongola si tchimo, ndipo manyazi a mano ndi enieni. Pali anthu amene amaseka ataphimba pakamwa ndi dzanja kuyambira ali kusukulu ya pulayimale. Pali amene amaopa kuyankhula pa intaviyu ya ntchito. Mnyamata amene adabenthula dzino atagwa pa kabaza, mayi amene mano ake adada chifukwa cha mankhwala a tetracycline omwe adamwetsedwa ali mwana, munthu amene adabadwa ndi enamelo wosakhwima, onsewa veneer ikhoza kuwabwezera ufulu woseka pagulu. Kwa iwo ndi chithandizo. Koma ngakhale iwowa ali ndi ufulu wofunsa: kodi palibe njira ina yosawononga dzino? Njira zilipo. Mano odetsedwa ndi tiyi, khofi kapena fodya amayera akatsukidwa ndi makina kuchipatala. Pali mankhwala oyeretsa mano omwe dokotala amapereka pa muyezo woyenera. Timadontho ta pamwamba pa enamelo timachoka pokwecha pang'ono chabe. Dzino lobenthuka limamatidwa ndi composite, phala loyera lomwe limaumitsidwa ndi kuwala, ndipo nthawi zambiri sipafunika kupala kwambiri. Silikhalitsa ngati porcelain, koma n'lotchipa ndipo limakonzeka. Mano opotoka amawongoledwa ndi mawaya, zomwe zimatenga chaka kapena ziwiri koma dzino limatsala lathunthu. Dokotala wabwino amayamba ndi njira yopepuka. Amene akuthamangira njira yodula asanatchule zinazi, kodi akuyang'ana m'kamwa mwanu kapena m'thumba mwanu?

Nanga adatiuza ndani kuti mano okongola ndi a mtundu umodzi wokha? Kwathu kuno kampata ka pakati pa mano awiri am'mwamba kakhala kakuyamikiridwa kuti ndi chizindikiro cha kukongola. Lero mtsikana akuuzidwa ndi zithunzi za anthu a kutali kuti kampata komweko ndi chilema chofunika kutseka ndi ndalama. Dzino lachibadwa silikhala loyera ngati pepala. Limakhala ndi kachikasu pang'ono chifukwa cha mnofu wolimba wa pansi pa enamelo, ndipo chimenecho si matenda. Mafashoni amasintha. Makolo athu ena ankasongola mano pofuna kukongola, mwambowo udatha, koma amene adasongoledwa adakhala nawo mano otero mpaka ukalamba. Kodi tili ndi chitsimikizo chanji kuti kuyera kwa mbee kumene kukutchuka lero kudzakhala kukusiririka zaka 20 zikubwerazi? Ndipo porcelain sasintha mtundu. Mukasankha woyera mopitirira, mudzakhala naye choncho pamene mano oyandikana nawo akusintha ndi zaka.

Tsopano tifike pa funso limene likutikhudza tonse, olemera ndi osauka omwe. N'chifukwa chiyani Amalawi ambiri ali ndi mano a mawanga ofiirira, ngakhale amatsuka tsiku lililonse? Ambiri amawanena kuti ndi auve, pamene mlandu si wawo. Dziko lathu lili m'chigwa chachikulu cha Rift Valley, ndipo m'madera ena miyala ya pansi imatulutsa mchere wa fluoride wochuluka m'madzi a m'mijigo ndi m'zitsime. Akatswiri apeza madzi otere m'madera ena a Nsanje, Chikwawa, Machinga, Balaka, Mangochi ndi ku Nathenje m'boma la Lilongwe, komanso pafupi ndi akasupe a madzi otentha. Fluoride wochepa amalimbitsa mano, n'chifukwa chake amaikidwa m'mankhwala otsukira mano. Koma mwana akamamwa wochuluka pamene mano ake akupangika, kuyambira ali khanda mpaka zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu, enamelo amatuluka ndi mawanga oyera, achikasu kapena ofiirira, nthawi zina ndi timaenje. Mswachi sungachotse mawanga amenewa. Kuwiritsa madzi sikuchotsa fluoride, ndipo klorini amapha tizilombo koma mcherewu saukhudza.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati fluoride asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita imodzi ya madzi akumwa. Kwa zaka zambiri muyezo wa dziko lino wa madzi a m'mijigo ndi m'zitsime wakhala mamiligalamu 6, kanayi kuposa wa WHO. Kodi mano a mwana wa ku Ngabu ndi olimba kanayi kuposa a mwana wa kwina? Anthu ambiri okhala ku Namiwawa lero, amene amamwa madzi a m'mipopi ya Blantyre Water Board, adakulira kumudzi. Bwana amene akufunafuna veneer kuti abise mawanga a ubwana wake akudziwa bwino kuti mjigo umene udamudetsa mano ukadalipo, ndipo ana a mlongo wake akutunga pomwepo. Kodi mijigo yatsopano imayezedwa fluoride isanaperekedwe kwa anthu? Ikapezeka ndi wochuluka, anthu a m'mudzimo amauzidwa? Unduna woona za madzi, Unduna wa Zaumoyo ndi Malawi Bureau of Standards, yomwe likulu lake lili mu Blantyre momwe muno, akutiuza chiyani? Kuyeza madzi a mjigo umodzi kungateteze mano a ana a mudzi wonse. Veneer imabisa dzino limodzi la munthu mmodzi, vuto litachitika kale.

Ndipo ndani akusamalira mano a anthu wamba? Pamene Yunivesite ya Glasgow ndi College of Medicine zinkayamba ntchito yotukula umoyo wa mano yotchedwa MalDent mothandizidwa ndi boma la Scotland, dziko lino linali ndi madokotala a mano osakwana 50 pa anthu oposa 18 miliyoni, ndipo onsewo adaphunzira kunja. Sukulu yoyamba yophunzitsa madokotala a mano idatsegulidwa mu 2019 mu Blantyre, pansi pa sukulu yomwe lero ndi Kamuzu University of Health Sciences. Mu 2022 boma lidakhazikitsa ndondomeko yoyamba ya dziko yokhudza umoyo wa m'kamwa. Izi ndi zinthu zoyamikirika. Koma m'zipatala za m'maboma ntchito yaikulu ikadali m'manja mwa ma dental therapist ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences, omwe nthawi zambiri amasowa zipangizo zomatira dzino. Munthu wa ku Ndirande, Mbayani kapena Bangwe amapirira dzino mpaka tsaya litatupa, n'kukaima pamzere ku Queen Elizabeth Central Hospital, ndipo kawirikawiri amabwerako dzino litazulidwa. Kuchokera ku Namiwawa kupita ku Chilomoni ndi ulendo wa mphindi zochepa. Kodi n'zoona kuti mumzinda umodzi, wina azipala dzino labwinobwino pamene mnzake akuzulitsa dzino lomwe likadapulumuka ndi kumata kokha?

Funsoli silikuloza chala wolemera kuti aleke kugwiritsa ntchito ndalama zake. Likuloza kwa okonza ndondomeko. Madokotala achinyamata amene akutuluka m'sukulu yathu adzapita kumene kuli malipiro ndi zipangizo. Boma likapanda kuwalemba ntchito, likapanda kukonza mipando ya mano yomwe idafa m'zipatala, likapanda kugula zomatira, ana athuwa adzatsegula zipatala zawo m'madera a anthu opeza bwino, ndipo sitidzawadzudzula, poti nawonso ali ndi mabanja oti adyetse. Dziko lomwe ladikira zaka zoposa 50 chilandirireni ufulu kuti liphunzitse lokha dokotala wa mano, kodi lingalole kuti luso limeneli lithere pa kukongoletsa anthu ochepa? Nanga sukulu zathu za pulayimale, zomwe pazipata pake pamagulitsidwa maswiti, mafirizesi ndi zakumwa za shuga, zikuphunzitsa ana kutsuka mano kawiri pa tsiku ndi mankhwala okhala ndi fluoride woyenera? Dzino lotetezedwa pa zaka 10 silidzafuna chophimba pa zaka 30.

Kwa inu amene mwatsimikiza mtima kuti mukufuna ma veneer, tikukupemphani chinthu chimodzi: funsani, poti safunsa adadya phula. Funsani ngati dokotalayo ali m'kaundula wa Medical Council of Malawi. Funsani ngati wayeza nkhama ndi kujambula mano, chifukwa pakamwa podwala sipamangidwa kanthu. Funsani kuti apala enamelo wochuluka bwanji, ndipo akuuzeni mosabisa ngati ndi veneer kapena crown. Funsani kuti tizikutiroto tikapangidwira kuti, ndipo kamodzi kakasweka mudzadikira nthawi yaitali bwanji. Funsani njira zina zomwe zilipo ndi chifukwa chake sizingakuthandizeni. Funsani mtengo wa lero, komanso mtengo wodzasintha. Pemphani kuti zonsezi zilembedwe papepala, mupite nazo kunyumba, mukagone nazo, ndipo ngati n'kotheka mukamve maganizo a dokotala wachiwiri. Dokotala woona mtima sakwiya ndi mafunso otere. Amene akukufulumizitsani ndi mawu akuti mtengo wotsika utha mawa, musiyeni.

Kwa Medical Council of Malawi ndi Dental Association of Malawi tikuti: lembani malangizo omveka, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, onena zimene wodwala ayenera kuuzidwa dzino lake lisanapalidwe, ndipo kaundula wa madokotala akhale posavuta kumuona pa foni. Kwa a zamadzi tikuti: yezani mijigo, lengezani zotsatira, ndipo muyezo wa fluoride ufanane ndi umene umateteza ana. Kwa Unduna wa Zaumoyo tikuti: ndondomeko ya mu 2022 ioneke m'bajeti, m'mipando yogwira ntchito ndi m'madokotala olembedwa ntchito m'maboma. Amene ali ndi mawu ndi ndalama mumzinda uno ndiwo angakakamize kuti izi zichitike, ndipo ambiri a iwo ali ndi abale kumene kuli mijigo ija. Kodi adzayankhula liti?